Kambalame ka pamaluwa athu si hummingbird

Anthu ambiri muno mu Lusaka akaona kambalame konyezimira, ka mlomo wautali wopindika, kakuyamwa timadzi ta m'maluwa ku Kabulonga kapena ku Munda Wanga, amati ndi hummingbird. Ayi ndithu. Ma hummingbird, omwe mitundu yake imaposa 300, amapezeka ku America kokha. Mu Africa mulibe ngakhale mtundu umodzi wam'tchire.

Kambalame kathuka ndi sunbird, ka m'banja la Nectariniidae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 140 kuyambira kuno ku Africa mpaka ku Asia ndi kumpoto kwa Australia. Akatswiri amakaika m'gulu la mbalame zoimba, limodzi ndi mpheta ndi akhwangwala. Kufanana kwake ndi hummingbird kunadza chifukwa chodya chakudya chimodzi, osati ubale. Mukaonetsetsa, nthawi zambiri kamayamba katera panthambi ndiye kuyamwa, pamene hummingbird imamwa ili m'malere, ndipo imatha kuuluka chobwerera m'mbuyo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti anthu amayesa kuti timbalame tonseti timakhala m'maluwa a panyumba. Mitundu ina ndi ya m'nkhalango za miombo, ndipo Bannerman's sunbird imadalira nkhalango zowirira za m'mbali mwa mitsinje, monga za ku Mwinilunga. Mitengo imeneyi ikadulidwa, maluwa a m'tauni sangasunge mbalame zimenezi.