Mbava za pa intaneti sizifunsa kukula kwa kampani

"Ife angatibere chiyani? Tili ndi makompyuta atatu okha." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa eni mabizinesi pa Kasungu pano: ogulitsa feteleza, a makopaletivi ogula soya ndi mtedza, a malo ogona alendo. Amaganiza kuti kwinakwake kuli munthu amene wakhala pansi n'kumasankha woti amubere. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mbavazi zili ndi mapulogalamu amene amayendayenda okha pa intaneti usiku ndi usana, kuyesa chitseko chilichonse ngati chili chokhoma. Pulogalamuyo sidziwa kuti iyi ndi banki ya ku Blantyre, iyi ndi shopu ya pa Chinkhoma. Ikapeza posakhoma imangolowa.

Choopsa kwambiri masiku ano ndi vairasi ya pa kompyuta yotchedwa ransomware. Ikalowa siba kompyutayo ayi, koma imatseka mafayilo onse moti simungawatsegulenso, kenako pagalasi pamabwera uthenga wofuna dipo. Mndandanda wa alimi amene anatenga mbewu pangongole, malisiti, malipiro a antchito, zonse zili pomwepo koma zosawerengeka. Ndipo si nkhani ya kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikiza mapasipoti analowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo, ndipo Amalawi anakhala masabata angapo osalandira mapasipoti.

Nkhani ya mu Meyi 2017 ndi imene ndimakonda kufotokozera makasitomala anga. Ransomware yotchedwa WannaCry inafika m'maiko oposa 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinkabweza odwala. Chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umene inadzerawo m'mwezi wa Malichi. Ogwidwawo anali amene sanachite update, kutanthauza kulowetsa zokonza zoterezi m'kompyuta. Kuno ambiri update timaizimitsa dala chifukwa imadya bandulo. Ndikumvetsa, bandulo sitola. Koma werengerani mtengo wolembanso mabuku a nyengo yonse ya fodya kuchokera m'mutu. Dziwaninso kuti Windows 7 inasiya kulandira ma update mu Januwale 2020, ndipo ma update aulere a Windows 10 anawaikira malire a Okutobala 2025. Za Windows yakuba, ija amakuikirani anyamata pamtengo wozizira, ndinene mosabisa: kapulogalamu kothyolera layisensi kaja nthawi zina ndi komwe kamabwera ndi vairasi, ndipo kuti kalowe amayamba azimitsa antivirus, pulogalamu yogwira mavairasi.

Tsopano tembenuzani rauta ya mu ofesi mwanu, kabokosi kogawa Wi-Fi kaja. Kunsi kwake kuli kapepala komata kolembedwa dzina lolowera ndi pasiwedi, pa marauta ambiri "admin" ndi "admin". Ngati simunasinthe chigulireni, aliyense wolumikizidwa pa Wi-Fi yanu angathe kulowa n'kusintha zimene akufuna. Ndiye muone pasiwedi ya Wi-Fi italembedwa pakhoma kuti makasitomala asamavutike kufunsa, pomwe kompyuta ya akauntanti ili pa netiweki yomweyo! Marauta ambiri ali ndi Wi-Fi yachiwiri ya alendo, yongoyatsa basi. Alendo apite kumeneko.

Fulashi imene yapita kokasindikiza m'tauni ikabwera mafoda atasanduka ma shortcut (tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona), musawadine. Ipite kaye pa antivirus.

Komabe ndalama zambiri sizichoka ndi luso la makina, zimachoka ndi bodza. Imelo imabwera ngati yochokera kwa amene mumagulako katundu ku Lilongwe, chizindikiro cha kampani chili bwinobwino, akuti "tasintha akaunti, lipirani ku iyi lero lomwe". Changu chimenecho ndiye nyambo. Musayankhe imeloyo ndipo musaimbe nambala yolembedwamo. Imbani nambala imene muli nayo kale m'foni. Chimodzimodzi woimba foni kufuna PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani: wantchito aliyense adziwe kuti zimenezo sauza munthu, ngakhale woimbayo atati ndi bwana. Pa imelo ya kampani yatsani chitetezo chachiwiri, chija chofuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Wantchito akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Mukanati ndisankhe chimodzi chokha, ndikanasankha kukopera mafayilo pa hard disk yapadera Lachisanu lililonse, kenako n'kuizula n'kukaisunga kwina. Kuizulako n'kofunika, chifukwa ransomware imatsekanso disk iliyonse imene yaipeza yolumikizidwa. Mwezi ukatha tsegulanimo fayilo imodzi muone ngati ikuwerengeka.

Zikakugwerani, zulani waya wa netiweki, zimitsani Wi-Fi pa kompyutayo kuti vairasi isafalikire kwa zinzake, ndipo musathamangire kufufuta zonse chifukwa umboni uli momwemo. Kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kaneneni kupolisi, mudziwitsenso nthambi ya MACRA yoona za chitetezo cha pa intaneti, yotchedwa mwCERT.