Kapulayazi ka Ideal ndi mkangano wa zigoba za zipolopolo

Ku America kuli anthu mpaka lero amene safuna kumva zotaya chigoba cha chipolopolo akaombera, amatola nkukachikonza kunyumba kuti chigwirenso ntchito, ndipo ena mwa iwo amakakamirabe tizida takale togwira mmanja toti agogo awo ankagwiritsa. China chimene chinayambitsa chizolowezi chimenechi ndi vuto la mtunda. Cha m'ma 1870 alenje a njati zakumeneko ankapita kutali kwambiri m'zigwa za Kansas ndi Texas ndi mfuti za Sharps, sitolo ili kutali masiku angapo pa ngolo, ndiye munthu ankanyamula mtovu wambiri, onga ndi tima primer toyatsira onga, zigoba zamkuwa zomwezo nkumazibwereza. Madzulo pamsasa ntchito inali kusungunula mtovu, kutsuka zigoba chifukwa onga wakuda umadya mkuwa ukausiya, nkudzazanso. Njatizo anazipha zosaona kumbuyo, pofika 1883 magulu akuluakulu onse anali atatha, koma imeneyo ndi nkhani ina yowawa payokha.

Amene munaonako gogodela kumudzi, kusiyana kwake ndi apa: gogodela umathira onga kukamwa kwa mfuti, pamene izi zonse zimakhala m'kachigoba kamkuwa. Ndiye mfuti ikalira kachigoba kaja kamafufuma nkudzaza chipinda cha mfutiyo, kenako kamabwerera pang'ono koma osafika pomwe kanali, makamaka kukhosi kumene kumagwira chipolopolo. Ukaikapo chipolopolo chatsopano chimangogwedera kapena kugwera mkati. Pamafunika kufinya khosilo kuti ligwirenso.

Kampani ya mfuti ya Winchester inkagulitsa tizida take totere kuyambira m'ma 1870 momwemo, koma amene anatchuka ndi John Barlow, yemwe anagwirako ntchito ku Winchester kenako mu 1884 nkuyambitsa kampani yake ya Ideal ku New Haven, Connecticut. Chida chake mukachiona mungati ndi pulayazi yaikulu, zogwirira ziwiri zachitsulo, pakati kabowo kolowetsa chigoba, ndipo mitundu ina inali ndi chikombole choumbira chipolopolo kumapeto kwake komweko, zonse m'chida chimodzi chokwana m'thumba la pa hatchi. Koma taganizani kuumba mtovu wotentha ndi chitsulo chomwe wachigwira mmanja, chimatentha mpaka kuzogwirira, ankachita kukulunga nsanza kapena chikopa. Ideal inagulitsidwa kwa kampani ya Marlin mu 1910, kenako mu 1925 inagwera mmanja mwa kampani ina ya Lyman, ndipo Lyman ndi amene anatulutsa pulayazi yotchedwa 310 mu 1947, yomwe ndi mdzukulu wa kachida ka Barlow, ma die ake (tizitsulo tabowo tofinyira chigoba) ochita kumanga ndi kumasula malinga ndi mtundu wa chipolopolo.

Mkangano uli apa tsopano. Dzanja la munthu pa kapulayazi lilibe mphamvu zofinya chigoba chachikulu cha mfuti thupi lonse, ndiye tizida timeneti timangofinya khosi basi. Okonda zakale amati nzabwino zimenezo, chigoba chinafufuma kale molingana ndi mfuti yako, uchivutitsiranji, komanso mkuwa ukamaufinya ndi kuufufumitsa mobwerezabwereza umauma nkung'aluka msanga. Enawo amati ayi, ukabwereza kangapo chigobacho chimayamba kuthina, mfuti kumavuta kutseka, ndipo ukabwereka mnzako kapena kuika mu mfuti yako ina chitha kukana kulowa chifukwa zipinda za mfuti sizifanana ndendende ngakhale zitachokera fakitale imodzi. Mfuti zokoka ndi lever kapena zodzilowetsera zokha ndiye zimavuta kwambiri. A Ideal eni ake vutoli ankalidziwa, nchifukwa chake ankagulitsa padera die ina yofinya thupi lonse, yochita kukhomera chigoba ndi hamala kapena kukanikiza pa vaisi, kenako kuchitulutsa ndi kamtengo kachitsulo, chimodzichimodzi mpaka mkono kuwawa.

Ine ndimaona kuti onse akunena zoona, kungoti kachida kaja kanapangidwira munthu wa mfuti imodzi ndi onga wakuda. Onga wakuda mphamvu yake ndi yochepa ndipo unkadzaza chigoba chonse, kupyola muyeso kunali kovuta. Utabwera onga wopanda utsi, umene Paul Vieille anapanga ku France mu 1884 ndipo unafika kwa alenje wamba ndi zipolopolo ngati .30-30 mu 1895, zinthu zinasintha, zigoba kumafufuma kwambiri, komanso kuonjeza pang'ono chabe mfuti imatha kukuphulikira kumaso. Makampani a zipolopolo anayamba kuchenjeza anthu kuti asamadzaze okha, chifukwa chinalipo ndithu ngakhale tisaiwale kuti iwowo ankafunanso kugulitsa zatsopano eti.

Kenako kunabwera mapuresi, makina ofinyira zigoba omangirira pa tebulo okhala ndi chogwirira chachitali, a kampani ya Pacific, kenako a RCBS ya Fred Huntington yomwe inayamba mu 1943 ku Oroville, California, ndipo kufinya thupi lonse kunakhala kosavuta. Ma die a mapuresi mazinga ake ndi aakulu, a 310 ndi ang'ono, ndiye sizilowana popanda adaputa, amene amagula zakale pa msika wa pa intaneti wa eBay ambiri amapsa mtima pamenepa. Koma zammanja sizinafe, mu 1958 Richard Lee wa ku Wisconsin anatulutsa Lee Loader, kabokosi kotchipa kopanda ndi pulayazi yomwe, kongokhoma ndi hamala yapulasitiki kapena yamtengo, nako kofinya khosi lokha pa zigoba za mfuti zazitali, ndipo anthu ochuluka kumeneko anayambira pamenepo asanapeze ndalama ya puresi. Mpaka pano Lee amagulitsabe.