Matani 250 omwe anazunguza mutu boma la America

Lamulo la mpweya la ku America, lija amalitcha Clean Air Act, analisainira ndi pulezidenti Richard Nixon kumapeto kwa 1970, ndipo omwe analilemba m'mutu mwawo munali utsi wooneka ndi maso, mwaye wa m'machumuni, salufa wolasa m'mphuno, zinthu zotsokomoletsa basi. Anthu anali asanaiwale za ku Donora, katauni ka ku Pennsylvania komwe mu 1948 utsi wa mafakitale unangokhazikika pamwamba pa nyumba masiku angapo osasuntha mpaka anthu 20 kufa. Carbon dioxide panthawiyo sanali nkhani, iyeyu sanunkha, saoneka, ndipo tonsefe timamutulutsa popuma.

Nde mu 1999 mabungwe ena a zachilengedwe anakalembera EPA, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, kuti carbon dioxide ndi mipweya ina yotenthetsa dziko nayonso iziwerengedwa ngati yoipitsa. Boma la George W. Bush linakana mu 2003, lati lamulo silitipatsa mphamvu zimenezo. Massachusetts ndi madera ena anakamang'ala, dandaulo lawo linali lakuti nyanja ikukwera ndipo ikudya gombe lawo, nde pa 2 April 2007 khothi lalikulu linawapatsa chilungamo, majaji 5 kwa 4. Mlanduwo unali wa magalimoto chabe. Koma lamuloli linalukidwa mwakuti ukangoyamba kuyang'anira mpweya wina pa galimoto, mpweya womwewo umakalowanso ku mbali ya zilolezo za mafakitale, ndiye Obama atalowa, EPA n'kulengeza mu December 2009 kuti mipweya isanu ndi umodzi yotenthetsa dziko ikuopseza moyo wa anthu, kenako mu 2010 n'kutulutsa malamulo a galimoto, mafakitale anangodzidzimuka moto wafika pakhomo.

Apa mpomwe panavuta. Lamulo limatchula manambala ake mosabisa: malo otulutsa matani 100 kapena 250 pachaka, kutengera mtundu wa malowo, akatenge chilolezo. Pa mwaye kapena salufa, matani 250 ndi ambiri zedi, amene amafika pamenepo ndi zimphona zokhazokha, opanga magetsi ndi malasha, oyenga mafuta, opanga simenti ndi zitsulo. Koma carbon dioxide amatuluka mochuluka kwabasi paliponse pomwe pakuyaka moto, moti hotela yaikulu, chipatala, olo mdadada wa mafulati wotenthetsa madzi ndi gasi m'nyengo yozizira umadutsa matani 250 osadziwa n'komwe. Zinali ngati kukoka neti ya udzudzu m'nyanja, umakola ndi tiana ta nsomba tomwe. A EPA eni akewo atawerengetsera anapeza kuti malo ofunika chilolezo cha Title V, choyendetsera malowo, achoka pa 15,000 kufika pa 6 miliyoni, ndipo ofunsira chilolezo chomangira achoka pa 800 pachaka kufika pafupifupi 82,000. Maofesi akanangofa ndi mapepala.

Njira yomwe anaipeza mu 2010 inali yachidule, anangokweza manambalawo okha. Anati ife tiyambira pa matani 75,000 ndi 100,000, tiana tija tisiye kaye, n'kuitcha Tailoring Rule. Nzeru yake ikumveka ndithu, koma ineyo ndimaona kuti apa anaponda pamoto akuwona, chifukwa nambala yomwe aphungu analemba mu lamulo ofesi ya boma singangoifufuta ndi cholembera poti yasowetsa mtendere. Maloya a makampani a magetsi anangoti zikomo kwambiri n'kuthamangira ku khothi.

Chigamulo cha Utility Air Regulatory Group v. EPA chinatuluka mu June 2014, wolemba anali Antonin Scalia, jaji yemwe mu 2007 anali mbali yokana. Anati kusintha manambala ayi, komanso malo sangakakamizidwe kutenga chilolezo chifukwa cha mipweya yotenthetsa dziko yokha. Koma fakitale yomwe ikutenga kale chilolezo chifukwa cha utsi wina uja, imeneyo EPA itha kuiuza kuti igwiritse ntchito makina abwino koposa omwe alipo pochepetsanso carbon. Chosangalatsa n'chakuti EPA inkafuna kugwira 86 pa 100 ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera m'malo okhazikika ngati mafakitale, ndipo chigamulocho chinaisiyira 83, nde mbali zonse ziwiri zinatuluka m'khothi zikuimba kuti zawina.

Mufunsa kuti bwanji osangolemba lamulo latsopano? Anayesa. Bilu ya Waxman-Markey, yofuna kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, inadutsa m'nyumba ya aphungu mu June 2009 ndi mavoti 219 kwa 212, koma ku Senate, nyumba inayo ya malamulo, inakafera pakhomo osavoteredwa n'komwe. Kuyambira pamenepo pulezidenti aliyense wofuna kuchitapo kanthu amabwerera ku lamulo lakale lomwe lija kukafinya ndime zake, winayo akalowa n'kumasula zonse.

Obama mu 2015 anabwera ndi Clean Power Plan, yofuna kuti pofika 2030 mpweya wa opanga magetsi utsike ndi 32 pa 100 poyerekeza ndi 2005, ndipo nzeru yake sinali yokonza chumuni chimodzichimodzi ayi, inali yosuntha magetsi kuchoka ku malasha kupita ku gasi, mphepo ndi dzuwa. Khothi lalikulu linaiimitsa mu February 2016 isanagwire ntchito olo tsiku limodzi. Trump anaika yake yofewa mu 2019, ndipo pa 30 June 2022 mu mlandu wa West Virginia, dera la migodi ya malasha, majaji 6 kwa 3 anati nkhani yaikulu ngati yosuntha magetsi kuchoka ku malasha ikufunika aphungu anene poyera, ofesi isamangodzipatsa mphamvu. Biden mu 2024 anayesa njira ina, yakuti malo opangira magetsi ndi malasha ofuna kukhalitsa azikola 90 pa 100 ya carbon wawo asanathawire kumwamba. Trump atabwerera, mkulu wa EPA Lee Zeldin mu July 2025 analunjika pa tsinde penipeni, kulengeza kuti akufuna kufufuta chilengezo cha 2009 chija, chomwe malamulo ena onsewa anatsamirapo.