Kukopera khodi si kuba, koma mlandu ulipo

Anthu ena amafalitsa zoti aliyense wokopera khodi ya pulogalamu ya kompyuta (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) ndi mbava pamaso pa lamulo. Si zoona. Wakuba amamusiya mwini chinthu chimanjamanja, pomwe khodi ikakopedwa mwini wake amakhala nayobe. Mu 1985, pa mlandu wa Dowling wokhudza nyimbo, khoti lalikulu la ku America linagamula kuti kuphwanya ufulu wa mlembi n'kosiyana ndi kuba katundu.

Musamasuke nazo. Pangano la mayiko pa zamalonda lotchedwa TRIPS la 1994 limateteza mapulogalamu mofanana ndi mabuku, choncho kukopera popanda chilolezo kungakufikitseni kukhoti. Werengani kaye laisensi ya pulogalamuyo, chikalata chofotokoza zimene mwini wake walola: mwachitsanzo, laisensi yotchedwa MIT imalola kukopera, kusintha ngakhale kugulitsa, bola musachotse dzina la mwini wake ndi mawu a laisensiyo.