Free software ndi open source: mkanganowu unayambira pati?

Cha m'ma 1980, ku labotale ya makompyuta ya pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America kunabwera makina atsopano osindikizira a kampani ya Xerox. Makinawo ankakonda kukola mapepala, ndipo a Richard Stallman, katswiri wolemba mapulogalamu pa labotaleyo, anafuna kusintha pulogalamu yake kuti izidziwitsa anthu pepala likakodwa, monga anali atachitira ndi makina akale. Koma Xerox sinapereke source code, malemba amene munthu amalemba ndi kuwerenga asanasandulike pulogalamu yogwira ntchito. A Stallman atapempha malembawo kwa katswiri wina wa ku Carnegie Mellon, anawakaniza chifukwa anali atasaina pangano losaulula.

Kukanidwako kunawapweteka, chifukwa pa MIT anthu anazolowera kugawana mapulogalamu ngati anansi obwerekana khasu. Mu September 1983 analengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu onse oyendetsa kompyuta omwe aliyense adzakhale nawo mwaufulu (pa Chingerezi free software), ndipo mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Ufulu umene ankanena ndi wa mbali zinayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu pa chilichonse, kuiphunzira ndi kuisintha, kugawira ena, komanso kugawira ena zimene wasinthazo. Mu 1989 anatulutsa laisensi ya GPL, yomwe mfundo yake ndi yanzeru kwambiri. Ukhoza kutenga pulogalamu, kuisintha, ngakhale kuigulitsa, koma amene wamupatsayo alandirenso ufulu wonse womwe iwe unalandira. Linux, phata la mapulogalamu oyendetsa kompyuta, imene a Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, inalowa pansi pa GPL mu 1992, ndipo ikaphatikizidwa ndi zida za GNU kompyuta inkatha kuyenda yonse popanda pulogalamu yotsekedwa, yomwe source code yake imabisidwa.

Kufika 1998 gulu la anthu olemba mapulogalamu oterewa linali limodzi. Mu January chaka chimenecho kampani ya Netscape, itapanikizika ndi Microsoft, inalengeza kuti itulutsa source code ya pulogalamu yake yofufuzira pa intaneti. Ena anaona kuti uwu ndi mwayi wokopa makampani, koma dzina lakuti free software linkawavuta: amalonda ankamva ngati ndi zinthu zaulere, popeza pa Chingerezi free amatanthauzanso zaulere, ndipo ulaliki wa a Stallman wa chabwino ndi choipa unkawathawitsa. Pa msonkhano wa ku Palo Alto mu February 1998, mayi Christine Peterson anapereka dzina lakuti open source, kutanthauza source code yomwe ili poyera. Mwezi womwewo a Eric Raymond ndi a Bruce Perens anayambitsa Open Source Initiative.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya malaisensi magulu awiriwa amagwirizana pafupifupi pa zonse. Malamulo a open source anatengedwa ku mfundo zimene a Perens analembera gulu la Debian, lomwe limasonkhanitsa ndi kugawa mapulogalamu a Linux ndi GNU, mu 1997 pofotokoza free software, ndipo GPL imavomerezedwa ndi onse awiri. Kusiyana kuli pa chifukwa. A open source amati malemba akakhala poyera anthu ambiri amawaona, zolakwika zimapezeka msanga, pulogalamu imatuluka yabwino. A free software amati ngakhale pulogalamu yotsekedwa itakhala yabwino koposa, imaikabe mwini kompyuta m'manja mwa amene anailemba, ndipo zimenezo n'zosalungama. A Perens enieniwo anachoka ku bungwe lawo lija mu 1999, akudandaula kuti nkhani ya ufulu yaiwalika.

Ine ndimaona kuti a open source anagwira ntchito yaikulu. Popanda iwo makampani sakanalowa msanga, ndipo Microsoft, yomwe mkulu wake wa nthawi imeneyo a Steve Ballmer anayerekeza Linux ndi khansa mu 2001, inafika pogula GitHub, malo a pa intaneti osungirapo ndi kugawana source code, mu 2018. Koma funso la a Stallman silinayankhidwe, ndipo nkhani ya TiVo ndiyo inalionetsa poyera. Kampaniyi inaika Linux m'makina ake ojambulira mapulogalamu a pa TV n'kupereka source code monga GPL imafunira, koma makinawo ankakana kuyendetsa pulogalamu iliyonse yosinthidwa ndi wogula. Malemba anali poyera, munthu ankatha kuwawerenga ndi kuwasintha, koma sakanatha kuwagwiritsa ntchito pa chipangizo chomwe anagula ndi ndalama zake.

Free Software Foundation inaletsa mchitidwe umenewu pa zipangizo za anthu wamba mu GPL yachitatu ya 2007. A Torvalds anakana, nati wopanga makina ali ndi ufulu wosankha zoyenda pa makina ake bola abweze malemba amene wasintha, ndipo Linux inakhalabe pa GPL yachiwiri. N'chifukwa chake foni za Android, zomwe mkati mwake muli Linux, zambiri zimagulitsidwa zili zokhoma, ndipo kampani ikasiya kutumiza zokonza, mwini foni nthawi zambiri sangathe kuikamo pulogalamu ina ngakhale foniyo ikadali yamphamvu.