Mano a baketi ya chikatapila, yang'anani dothi lanu kaye

Mvula ikangotha kuno ku Dedza foni yanga siikhala chete, wina akufuna damu la nsomba ku Linthipe, wina ngalande kudimba, wina zitsa za bulugamu zamutsekera munda ku Bembeke. Ntchito yanga ndi yokonza komanso kuyendetsa zikatapila zokumbazi, ndipo chomwe chimandiwawa n'choti anthu akamachita hayala amafunsa za dizilo ndi mtengo wa pa ola basi, mano a pa baketi sawayang'ana n'komwe. Chonsecho mphamvu yonse ya injini ija imakathera pa nsonga za mano amenewa. Akakhala obuntha kapena osayenera dothi lanu, makina amangolira, utsi kuti tolo, baketi ikungopala pamwamba, maola akuwerengeka ndipo wolipira ndinu.

Dzino limavekedwa pa chitsulo china chomwe timati adaputa, chowotchereredwa kukamwa kwa baketi, kenako pini ndi kaloko kake n'kumanga. Analipanga dala kuti lizitha ilolo, adaputa ndi baketi zizitsala, chifukwa dzino kusintha ndi hamala mphindi zochepa koma adaputa ikadyeka ndiye mpaka wowotcherera abwere, tsiku latha.

Pa ntchito wamba ya kumunda, dothi losakanikirana, mizu, timiyala apo ndi apo, ikani mano a tchizulo, aja ophwatalala kunsonga ngati sompho. Amalowa bwinobwino, amakhalitsa, komanso pansi pa ngalande amasiya posalala ndithu. Alimi ambiri amenewa akukwanirani.

Koma katondo wa mu Sepitembala ndi Okutobala ndi nkhani ina abale anga, amauma ngati njerwa yootcha, tchizulo amangotsetsereka. Apa pamafunika aja timati taiga, osongoka ngati mkondo, mphamvu yonse imapita pa kansonga kamodzi ndiye amang'amba dothi louma mosavuta. Vuto lake chitsulo n'chochepa kunsongako choncho amatha msanga, makamaka mukawapititsa ku mchenga. Mchenga anthu amaupeputsa poti ndi wofewa kukumba, koma umadya chitsulo ngati sandipepa, kumunsi uku cha ku Golomoti ndi Mtakataka m'mbali mwa mitsinje mukaika taiga mwangotaya ndalama, kumeneko kumafuna dzino lonenepa la chitsulo chambiri. Aliponso a nsonga ziwiri, ine ndimakonda kuwaika m'makona mwa baketi pokumba ngalande pouma kuti azidula khoma baketi isamapanike.

Kumapiri kuno komwe miyala ili mbwee pansi pa nthaka, gulani mano a miyala, olemera aja. Ndipo apa mvetsetsani, chitsulo chikalimba kwambiri sichidyeka msanga inde koma chimathyoka ngati galasi chikagunda thanthwe, pomwe chofewerapo chimapirira kumenya koma chimaperepeseka msanga. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti awa ndi olimba kuposa onse, mufunseni kuti olimba pa mchenga kapena pa mwala, si chimodzi ayi.

Makande a kudambo akanyowa savuta kulowa, vuto n'kumatirira. Mano otambalala ndi abwino, ndipo pomaliza damu la nsomba pemphani baketi yopanda mano ija isalaze makoma ndi pansi, chifukwa mizere yomwe mano amasiya imamasula dothi, madzi n'kumathawira momwemo.

Zitsa ndiye zimene zathyola mano ambiri omwe ine ndawaona. Opareta wothamangira kuweruka amakola chitsa ndi dzino limodzi la pakona n'kuyamba kupotokola cham'mbali, phwaa dzino lapita, nthawi zina ndi adaputa yomwe. Mano anawapanga kuti azikoka molunjika. Chitsa cha bulugamu kapena paini uyambe wakumba mozungulira, udule mizu ikuluikulu umodziumodzi, kenako uchikankhe, ndipo ngati zitsa n'zambiri funsani ngati mwini makina ali ndi ripa, dzino limodzi lalikulu lija lomangidwa m'malo mwa baketi. Dzino likathyokera m'munda musalisiye, lisakeni mpaka lipezeke, lidzakuphwanyirani pulawo ya thirakitala nthawi yolima.

Za kuwotcherera zidutswa za masipulingi a galimoto pa mano otha ndikuzidziwa, ndalama zimavuta, ndipo pa dothi lofewa zimakufikitsani kumapeto a sabata. Koma moto wa kuwotcherera umafooketsa chitsulo cha dzino, pa mwala chimagamphuka tsiku lomwelo. Chomwe chimathandiza osalipira kanthu ndi kusinthanitsa, mano a m'makona amatha msanga kuposa a pakati ndiye muziwasuntha malo asanatheretu, ndipo m'mawa uliwonse gwedezani lililonse ndi dzanja, logwedera ndiye kuti pini yatha kapena mphuno ya adaputa yadyeka.

Pokagula ku Lilongwe musadalire kukumbukira, nyamulani dzino lakale ndi pini yake, nambala imakhala yolembedwa pa chitsulo pomwepo. Mano a makina a Caterpillar odziwika aja amayenda ndi manambala ngati J250, J300, J350, kukula kwa nambala ndi kukulanso kwa makina, a Komatsu ali ndi awoawo, pomwe thirakitala yokumba ya JCB 3CX yomwe yafala m'ma hayalamu mano ake amamangidwa ndi mabawuti awiri osati pini. Dzino la mtundu wina likhoza kuoneka ngati lalowa koma limasewera pa adaputa mpaka kuidya. Pini ndi kaloko gulani zatsopano limodzi ndi manowo, zakale zija musabwezeremo.