Musanatsitse driver, dziwani tchipu cha m'kati

Anthu ambiri amabwera kwa ine atanyamula kachipangizo kakuda konga fulashi, kokhala ndi nthambo yachikasu, yoyera ndi yofiira, pabokosi patalembedwa EasyCap. Cholinga chawo n'chabwino kwambiri: kusamutsira mu kompyuta matepi a VHS a ukwati kapena chinkhoswe cha makolo nkhungu isanawawononge. Koma akalumikiza, kompyuta imangoti zii.

Nthawi zambiri kompyuta imakhala ilibe vuto. Dzina loti EasyCap limamatidwa ndi mafakitale ambiri pa zipangizo zofanana kunja kokha, pomwe m'kati muli matchipu osiyana (tchipu ndi kaubongo ka chipangizocho): STK1160 ya Syntek, EM2860 ya Empia, UTV007, kapena SMI2021. Driver, pulogalamu imene imalankhulitsa kompyuta ndi chipangizocho, amailembera tchipu chimodzi. Mukaika ya STK1160 pamene chanu ndi UTV007, dzuwa likulowerani muli pomwepo. Ka CD ka m'bokosi nakonso sikodalirika, chifukwa Windows ya 64-bit imakana driver yakale yosasainidwa.

Chifunseni chipangizocho chidzitchule chokha. Pa Windows tsegulani Device Manager, pomwe pamaoneka zipangizo zonse zolumikizidwa ku kompyuta, pezani chomwe chili ndi chizindikiro chachikasu, lowani pa Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Muona VID ndi PID. VID ndi nambala ya wopanga, PID ndi ya chipangizocho. Mukaona 1B71 ndi 3002, imeneyo ndi UTV007. 05E1 ndi 0408 ndi STK1160. Manambala amenewa ndiwo mufufuzire pa intaneti. Pa Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, mumangolemba lsusb mu Terminal kuti muone manambalawa, ndipo madriver a STK1160, UTV007 ndi Empia amakhala alimo kale. Ine ndikakhala ndi matepi ambiri ndimakonda Linux pa chifukwa chimenechi.

Chithunzi chikabwera chopanda mitundu kapena chikudumphadumpha, musathamangire kunena kuti tepi yafa. Matepi ojambulidwa kuno ndi a PAL, njira yathu yoonetsera chithunzi cha TV, koma mapulogalamu ena amayambira pa NTSC, njira ya ku America. Sinthani muike PAL mu pulogalamu imene mukujambulira, monga OBS Studio kapena VLC.

Amene simunagule, funani cholembedwa UVC. Zoterezi zimagwira ntchito ngati webcam, osafuna driver yapadera, ndipo n'zimene ndimalangiza a mipingo oonetsa mapemphero pa Facebook kudzera pa kamera ya HDMI.

Tizipangizo toonera TV pa laputopu tili ndi msampha wake. Malawi amaulutsa pa DVB-T2, njira yomwe madekoda a Kiliye Kiliye amalandira. Kachipangizo kochokera ku America ndi ka ATSC, kuno sikagwira kanthu. Tambiri totchipa tili ndi RTL2832U ya Realtek, yomwe payokha imamva DVB-T yakale basi. Pamenepa ngakhale driver ikhale yolondola chotani, tchanelo sichituluka. Onetsetsani kuti pabokosi pali T2, ndipo matchanelo olipira a GOtv musawayembekezere, ndi otsekedwa.